Wotchi ya Makaniko

Nkhondo itatha, fakitale yathu inalibe denga.
M'mawa tinkasesa magalasi osweka,
masana n'kumaphwasula zotsala za ndege
kufunafuna chitsulo chosapindika.
Bwana Pedrazzi anati: Anthu atopa kuyenda pansi,
tiwapangire njinga zamoto.
Koma kuti agule, wina ayambe wawaonetsa liwiro.

Winayo anali Oreste,
mwana wa wophika buledi wa ku Carpi,
amene pankhondo ankathamangitsa makalata usiku
nyali atazimitsa,
mpaka msana wake unaphunzira kuwerenga msewu.
Anasaina ali chiimire, inki ili pachala:
malipiro a pamwezi, jekete lachikopa,
ndi timawu ting'onoting'ono m'munsi
timene tonsefe sitinatiwerenge.

Ine ndinali wa sipanala.
Dzina langa simungalipeze pa chikho chilichonse.
Ndinkagona pansi pa lole, tcheni chili m'beseni,
zikhadabo zili bii, zosayera ngakhale pa Khirisimasi.

Lamlungu misa ikatha ankatseka tauni.
Mitolo ya udzu ankaimangirira ku mapolo a magetsi
ngati udzu ungakambirane ndi imfa.
Amayi pamawindo, ana pamadenga,
wansembe atatseka makutu koma maso ali tong'o,
fungo la mafuta a nsatsi likulowa mpaka m'tchalitchi.
Kenako mbendera pansi,
amuna makumi atatu kukankha njinga zawo,
injini kutsokomola, kudzuka, kukuwa,
vuu!
n'kutisiyira utsi ndi nkhunda zobalalika.

Ku chilumba cha Man tinapita pa sitima,
ine ndikusanza njira yonse.
Kumeneko msewu umakwera phiri n'kulowa m'chifunga,
makoma ake ndi amiyala, nkhosa sizidziwa malamulo.
Munthu akadutsa, umatsala ndi wotchi m'manja.
Mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi zaka, ndikukuuzani.
Umakumbukira bawuti iliyonse imene unamanga,
n'kuyamba kuikayikira.

Chaka chachisanu anabweretsa Gildo,
kamnyamata kopanda ndevu, kokongola pa zithunzi.
Bwana anandipatsa bolodi ndi choko:
Lemba kuti Oreste achepetse, mwanayu adutse.
Ndinalemba. Dzanja langa lomweli.
Oreste anawerenga ali pa liwiro,
anatukula zala ziwiri zokha,
n'kumupatsa njira ngati munthu wotsegulira mlendo chitseko.
Madzulo sanandiyankhule.
Anangondibwereka sopo.

Gildo tinamutaya mwezi wa Seputembala,
pokhota pafupi ndi mlatho, mvula itangowaza pang'ono.
Wotchi yanga inapitirira kuwerenga.
Sindinadziwe poiimitsira.
Njinga inabwera pa ngolo, tayala lakutsogolo lili bwinobwino,
ndipo Lolemba anatiuza kuti tichotsemo injini,
inali ikadali yabwino.

Sikuti ndi maliro amene anatseka chipinda chathu, ayi.
Anthu anayamba kugula tigalimoto,
denga pamutu, mkazi ndi ana osanyowa.
Kalata inabwera ya mizere itatu.
Njinga zinafunditsidwa nsalu ngati mipando ya m'nyumba yosamukamo,
nambala zikadali pamphumi.

Oreste anabwerera ku uvuni wa bambo ake.
Ndimapitako Loweruka, mwendo ukalola.
Sitikamba za zikho; zili m'katoni pamwamba pa kabati,
china amasungiramo machesi.
Amatsimphina, khutu lakumanzere linafa kalekale,
makasitomala amamudziwa ngati mdala wa buledi wotentha basi.

Koma ndimamuyang'ana akamakanda ufa m'bandakucha.
Dzanja lamanja limapotokola, kubweza, kupotokolanso,
mutu n'kupendekera pang'ono kumanzere,
maso ali patali, kuseri kwa khoma.
Ine osanena kanthu.
Ndimangopisa m'thumba,
chala n'kupeza kabatani kozizira kaja,
n'kudikira kuti atulukire.